Mpando Woposa Mipando: Kulalikira Ufumu wa Mulungu m'Masalimo ku Chiosya

Mlaliki wa ku Chiosya, m'boma la Mchinji, akatsekula Buku la Masalimo n'kuuza mpingo kuti Mulungu ndi mfumu, sasowa kufotokoza kuti mfumu n'chiyani. Pa benchi lakutsogolo pamakhala nyakwawa, mwina ndi agulupu omwe. Mwa amayi amene akhala mbali inayo, ena anakhalapo pabwalo pa mlandu wa malire a munda, ena anakapempha malo a manda, ena anadikira dzina lawo kuti lilembedwe pa mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo. Ufumu kuno anthu amaudziwa kukoma kwake ndi kuwawa kwake komwe.

Amaudziwanso m'mitundu iwiri. Kwa Achewa ufumu umatsata kuchikazi: mbumba imakhala pansi n'kusankha, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa mfumu yomwalirayo, ndipo pa tsiku lolonga ufumu akuluakulu amamulangiza mosabisa mawu. Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni a Mpezeni, amene m'Mchinji muno ali pansi pa mafumu ngati Mlonyeni ndi Zulu, ufumu wawo umatsata kuchimuna ndipo umakumbukira nthungo ndi chishango. Mphamvu yawo ya nkhondo inathyoledwa ndi asilikali a Britain mu 1898, koma mwambo wa Nc'wala ukuchitikabe ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale. Choncho mlaliki akatchula mpando wachifumu wa Mulungu, wina m'maganizo mwake amaona bwalo la milandu pansi pa mtengo, wina amaona inkosi pakati pa ankhondo ake. Uwu ndi mwayi waukulu kwa wolalikira, komanso ndi pomwe ambiri amaterereka.

Masalimo onse alipo 150, ndipo okamba za ufumu ali m'magulu awiri amene sayenera kusokonezedwa. Gulu loyamba likunena za mfumu yaumunthu ya ku Yerusalemu, Davide ndi zidzukulu zake. Salimo 2 ndi 110 akukhudza kudzozedwa kwake, 45 ndi la ukwati wake, 20 ndi 21 ndi mapemphero a nthawi ya nkhondo, 72 likumupempherera kuti aweruze molungama, pamene 101 ndi lumbiro lake. Gulu lachiwiri likulengeza kuti wolamulira ndi Mulungu mwini: Salimo 47, 93, ndi kuyambira 95 mpaka 99. Mlaliki amene watenga salimo la gulu loyamba n'kuliveka mtsogoleri wa lero ngati mkanjo, osakumbukira kuti gulu lachiwiri lilipo, walalikira theka la nkhani.

Katswiri wa ku Norway, Sigmund Mowinckel, analemba mu 1922 kuti masalimo a gulu lachiwiriwa ankayimbidwa pa chikondwerero cha chaka ndi chaka m'Kachisi wa ku Yerusalemu, nyengo yoyembekezera mvula, pamene Aisraeli ankalengeza mwatsopano kuti Mulungu wakhala pa mpando wake. Akatswiri ena anatsutsa, poti Chipangano Chakale sichitchula mwambo wotere mwachindunji. Koma chimene chingathandize kwambiri mlaliki wa kumudzi, ine ndikuona, ndi chimene Gerald Wilson wa ku America anasonyeza mu 1985: masalimo sanangounjikidwa, anayalidwa mwadala. Buku lonse lagawidwa m'zigawo zisanu, ndipo chigawo chachitatu chikuthera pa Salimo 89. Salimo limeneli likuyamba ndi kukumbutsa Mulungu pangano lake ndi Davide, kenaka likusanduka dandaulo lowawa: chisoti chachifumu chagwera m'fumbi, malinga agumuka, adani akuseka. N'zimene zinachitika cha m'ma 587 Khristu asanabadwe, pamene Nebukadinezara wa ku Babiloni anawononga Yerusalemu n'kutenga anthu ukapolo. Mpando wa Davide unatha.

Tsono taonani chimene akonzi a bukuli anaika pambuyo pa kulira kumeneku. Salimo 90 latchulidwa kuti ndi pemphero la Mose, munthu amene anatsogolera Aisraeli kusanakhale mfumu ndi imodzi yomwe. Kenaka pakubwera masalimo aja olengeza ufumu wa Mulungu, motsatizana. Ndiye kuti mawu amphamvu kwambiri onena kuti Mulungu akulamulira anaikidwa m'kamwa mwa anthu amene mfumu yawo inagwa, dziko lawo linalandidwa, ndipo olamulira anali achilendo. Si nyimbo za anthu okhuta. Mlaliki akazindikira ichi, ulaliki wake umasintha mawu. Amaleka kuuza mpingo kuti zonse zili bwino poti Mulungu ndi mfumu, n'kuyamba kuuza mpingo kuti ngakhale zinthu zaipa chotere, amene akuoneka amphamvu lero si iwo omaliza kulankhula.

Salimo 93 likujambula ufumuwu ndi madzi. Mitsinje ikukokoma, mafunde a nyanja akuwinduka, koma mpando wa Mulungu sugwedezeka. Anthu oyandikana ndi Aisraeli anali ndi nthano zofanana. Zolemba zimene zinafukulidwa ku Ugarit, m'dziko la Syria, kuyambira 1929, zikusimba za Baala akulimbana ndi nyanja kuti akhale mfumu. Olemba masalimo anatenga chithunzicho n'kunena kuti wogonjetsa madzi ndi Mulungu wa Israeli. Kwa Akatolika, salimo limeneli limayimbidwa kamodzi pa zaka zitatu pa chikondwerero cha Khristu Mfumu, chimene Papa Pius XI anakhazikitsa mu 1925 ndipo masiku ano chimagwa Lamulungu lomaliza la chaka cha mpingo, kumapeto kwa Novembala. Kuno imeneyi ndi nthawi imene mizere yatha kukonzedwa, mbewu ya chimanga, mtedza ndi soya ili pafupi, ndipo maso a aliyense ali kumwamba. Makolo a Achewa ankadziwa kale kuti mvula si ya mfumu ya pamudzi. Ikachedwa, mfumu inkasonkhanitsa anthu kukathira nsembe pakachisi, ndipo zikavuta ankatumiza nthumwi ku Msinja kwa Makewana, kukapempha kwa Chauta. Mfumu yaikulu bwanji, pa nkhani ya mvula inali wopempha ngati wina aliyense. Mlaliki wanzeru amayambira pamenepa, chifukwa mpingo wake unamva kale kwa agogo ake kuti pamwamba pa mafumu pali wina.

Koma mtima wa nkhaniyi uli pabwalo la milandu. Akhristu ambiri anaphunzira kuopa mawu oti chiweruzo, ndipo alaliki ena amawagwiritsa ntchito ngati chikwapu. Mu Salimo 96 ndi 98 zili mwina: mitengo ya m'nkhalango, mitsinje ndi mapiri zikusangalala chifukwa Mulungu akubwera kudzaweruza. Angasangalale ndi kubwera kwa woweruza ndani? Ndi uja amene mlandu wake unakhotetsedwa. Mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake anamulanda katundu maliro asanazizire, mwana wamasiye amene munda wa mayi ake unagulitsidwa iye ali wamng'ono, mlimi amene anagwira ntchito ya utenanti pa esiteti ya fodya chaka chathunthu n'kubwerera kwawo chimanjamanja: awa sasowa kuphunzitsidwa chifukwa chimene chiweruzo cholungama chili uthenga wabwino. Mchinji ndi limodzi mwa maboma amene malo ambiri a makolo anasanduka maesiteti m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo milandu ya malo sinathebe pa mabwalo a mafumu. Salimo 24 likamanena kuti dziko ndi zonse zili m'menemo mwini wake ndi Mulungu, kuno limakhudza nthaka yeniyeni imene anthu akukanganirana.

Salimo 82 ndiye lolimba mtima kuposa onse. Mulungu waitanitsa bwalo, ndipo oimbidwa mlandu ndi amphamvu amene anapatsidwa udindo woweruza. Akatswiri amasiyana ngati amenewa ndi milungu ya mitundu ina kapena oweruza aumunthu, koma mlandu wake ndi umodzi: anakondera oipa, sanateteze ofooka ndi amasiye. Chilango chawo n'chakuti adzafa ngati munthu wamba. Salimo 72 likunena zomwezo mofatsa. Likupempherera mfumu moyo wautali ndi ulemerero, inde, koma chifukwa chake likuchitchula poyera: mfumuyo imapulumutsa wosauka wolira, ndipo magazi a anthu osowa ndi a mtengo wapatali pamaso pake. Amene amawerenga salimo limeneli pa mwambo wolonga ufumu kapena pa mapemphero a dziko, n'kudumpha mavesi a osaukawo, akuchita chinyengo ndi Malemba. Mwambo wathu womwe suchita zotere. Polonga mfumu amaiuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, kuti isakondere, kuti ilandire aliyense.

Dziko lathu linalawapo chimene chimachitika mtsogoleri akayamba kulandira ulemu woyenera Mulungu. Mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda analengezedwa kukhala pulezidenti wamuyaya, ndipo khadi la chipani cha Malawi Congress linkafunsidwa pamsika ndi pokwera basi. A Mboni za Yehova anakana kuligula, ponena kuti kukhulupirika kwawo n'kwa ufumu wa Mulungu basi. Boma linawaletsa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi za iwo zinathawa kumenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba, ambiri n'kukafika ku msasa wa Sinda Misale, kum'mawa kwa Zambia, kufupi ndi malire athu. Munthu angathe kusiyana nawo pa chiphunzitso, koma n'zovuta kukana kuti iwo analipira mtengo wa mawu amene mipingo ina inkangowayimba. Mipingo ikuluikulu inakhala chete nthawi yaitali. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse, ikudzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha oletsa anthu kulankhula. Maepiskopi anafunsidwa mafunso ndi apolisi, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inayatsidwa moto. Pa 14 Juni 1993 anthu anavotera zipani zambiri. Akuluakulu amene anamva kalata ija ndi makutu awo akadalipo m'midzi yozungulira Chiosya, ndipo Salimo 146, lochenjeza kuti tisadalire akalonga poti mpweya wawo ukachoka zolinga zawo zimathera pomwepo, amalimva mosiyana ndi achinyamata.

Pali njira inanso imene ulaliki umasocherera, ndipo yafala masiku ano. Mulungu amajambulidwa ngati mfumu ya pamudzi yokulirapo, imene sumva mlandu wako usanapereke chabwalo. Wopereka zambiri ndiye woyankhidwa msanga, ndipo okhulupirira amauzidwa kuti monga ana a mfumu sayenera kusauka. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa opereka ambiri ndi omwe aja amene Salimo 72 likuti mfumu iziwateteza. Salimo 50 linayankha kale: Mulungu sasowa ng'ombe ya m'khola la munthu, poti nyama zonse zakuthengo ndi zake. Ndipo Salimo 146 likamatchula ntchito za mfumu iyi, likuyamba ndi oponderezedwa ndi anjala, n'kufika kwa akaidi, akhungu, alendo, ana amasiye ndi amayi amasiye.

Kwa Mkhristu, magulu awiri aja a masalimo amakumana mwa Yesu. Chipangano Chatsopano chimabwereza Salimo 110 kuposa salimo lina lililonse, ndipo mu Machitidwe 4 okhulupirira anapemphera ndi mawu a Salimo 2 Petro ndi Yohane atangomasulidwa m'manja mwa akulu a bwalo. Komabe salimo limene Yesu anatchula ali pamtanda ndi la 22, kulira kwa munthu wosiyidwa, ndipo chakumapeto kwake salimo lomwelo likulengeza kuti ufumu mwini wake ndi Mulungu. Mfumu imene mlaliki akuilalikira inaweruzidwapo mokhotetsa pa bwalo la anthu.

Chovuta chimene chatsala n'cha amene amaimirira pagome. Ansembe ophunzira ku seminale ya Kachebere, m'boma lomwe lino, ndi abusa a Sinodi ya Nkhoma sangafike pa nthambi iliyonse Lamulungu lililonse. Masabata ambiri wolalikira ndi mkulu wa mpingo kapena katekisiti, munthu amene munda wake uli m'dera la nyakwawa yakhala kutsogoloyo, amene mawa angafune kalata kapena chidindo kwa iyo. Kumuuza kuti alalikire Salimo 82 mopanda mantha n'kosavuta kwa ife olemba mabuku. Chimene chingamuthandize n'chakuti asayende yekha. Masalimowa aziwerengedwa athunthu, osadula, ndiponso kawirikawiri, kuti asamveke ngati mwala woponyera munthu mmodzi pa sabata ya mkangano. Azikambidwanso m'miphakati ndi m'misonkhano ya amayi a Chigwirizano, kumene anthu amafunsa mafunso momasuka. Ndipo mafumu ambiri ndi Akhristu, ena ndi akulu a mpingo. Palibe choletsa kuti nyakwawa ipemphedwe kuwerenga yokha Salimo 101 pamaso pa anthu ake, lumbiro la wolamulira amene akulonjeza kuti wachinyengo sadzakhala m'nyumba mwake ndipo woneneza mnzake mseri adzamuwononga.