Asilikali a m'thupi amaphunzira, koma mankhwala ena amawagoneka

MWANA akaponda msomali kapena botolo losweka, cilonda n'kuyamba kutukusira, sipapita masiku ambiri asanadandaule kuti m'mphecepece mwatupa kanthu kowawa. Makolo amakadziwa bwino kanthu kameneka: ndi mwanabere. Ena amakathowa ndi madzi otentha, ena amacita mantha poganiza kuti kwabwera matenda ena. Koma mwanabere kawirikawiri amangosonyeza kuti asilikali a m'thupi asonkhana pamalopo kuti aphunzire mdani amene walowera pacilonda, ndipo kutupako n'cifukwa cakuti akuculukana.

Nkhani ya asilikaliwa ndi yofunika kwambiri kwa anthu okhala m'makomboni, cifukwa ena mwa mankhwala amene amagulitsidwa m'misika ndi m'tuntemba popanda kalata ya dotolo amakhudza asilikali omwewa.

MAGULU AWIRI

Citetezo ca m'thupi cili ndi magulu awiri. Gulu loyamba munthu amabadwa nalo lili lokonzeka kale. Awa ali ngati alonda a usiku amene amagwira mlendo aliyense wosadziwika popanda kumufunsa dzina. Amafika pacilonda m'maola ocepa cabe, ndipo kufiira, kutentha ndi mafinya ndi zizindikiro za nchito yao. Vuto lao ndi lakuti sakumbukira. Mdani yemweyo akabweranso mawa, amamuona ngati wacilendo.

Gulu laciwiri ndi la maselo oyera a m'magazi ochedwa ma-lymphocyte, ndipo awa ndiwo amaphunzira. Alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Maselo a B amakulira m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Maselo a T nawo amabadwira komweko, koma amakakhwimira m'kaciwalo kochedwa thymus kamene kali kuseri kwa fupa la pacifuwa.

Selo iliyonse ya gululi imazindikira maonekedwe amodzi okha, monga kiyi amene amatsegula loko mmodzi. Thupi limapanga makiyi osiyanasiyana mamiliyoni ambiri lisanakumane n'komwe ndi matenda. Kacirombo kakalowa, ena mwa alonda aja amatenga tizidutswa take n'kupita nato ku mwanabere wapafupi, kumene amakationetsa kwa maselo odutsa mpaka atapezeka amene kiyi wake akwanira. Selo imeneyo imayamba kugawikana, imodzi kukhala ziwiri, ziwiri kukhala zinai, mpaka zikwi zambiri. Nchito yonseyi imatenga sabata imodzi kapena awiri, ndipo n'cifukwa cake matenda amene munthu wakumana nao koyamba amamugwetsa pamphasa thupi lisanayambe kupambana.

Maselo a B akaculuka amatulutsa zida zochedwa ma-antibody. Zidazi zimayenda m'magazi ndi kumamatira pa kacirombo, mwakuti kamalephera kulowa m'maselo ndipo alonda amakaona msanga. Maselo ena a T amapha maselo a thupi amene kacirombo kabisalamo. Enanso, ochedwa CD4, sapha okha ayi, koma ndiwo akapitao. Popanda lamulo lao, anzao onse amagwira nchito mofooka.

Nkhondo ikatha ambiri mwa asilikaliwa amafa, koma ocepa amatsala m'thupi kwa zaka zambiri akukumbukira nkhope ya mdaniyo. Akabweranso amamugonjetsa m'masiku ocepa, nthawi zambiri munthu osadziwa n'komwe. Ndiye cifukwa cake cikuku sicigwira munthu kawiri. Cimfine cimabwerabwera cifukwa tizirombo take ndi ta mitundu yambiri ndipo timasintha maonekedwe. Malungo nawo ndi ocenjera: citetezo cake cimamangika pang'onopang'ono, sicikhala cathunthu, ndipo cimacepa munthu akakhala nthawi yaitali kumene malungo ndi ocepa. Amene wakhala zaka zambiri ku Lusaka asadzinamize kuti popeza anakulira ku cigwa ca Luangwa angagone kumeneko popanda neti.

KATEMERA NDI SUKULU YA ASILIKALI

Katemera amaonetsa asilikali nkhope ya mdani pamene mdaniyo alibe mphamvu. Mumakhala kacirombo kofooketsedwa, kakufa, kapena kacidutswa kake cabe. Njirayi inayamba kufala m'caka ca 1796 pamene Edward Jenner wa ku England anaiyesa pa nthomba, ndipo m'caka ca 1980 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthomba yatha padziko lonse.

Masiku olembedwa pa khadi la kusikelo ali ndi cifukwa cake. Nyeleti za pa masabata 6, 10 ndi 14 zimabwerezedwa cifukwa phunziro limodzi silikwanira kuti asilikali a khanda akumbukire. Katemera wa cikuku amadikira miyezi 9 cifukwa mwana amabadwa ndi ma-antibody obwereka kwa mai ake, ndipo akakhala akali ambiri amagwira katemerayo thupi la mwana lisanaphunzire kanthu. Waciwiri, wa pa miyezi 18, amathandiza ana amene woyamba sanawagwire bwino. Pali amai ena amene amati ndi bwino mwana angodwala cikuku kuti akhwime. Kafukufuku wofalitsidwa m'caka ca 2019 anapeza zosiyana ndi zimenezo: cikuku cimapha maselo okumbukira, ndipo ana amene anacidwala anataya pakati pa 11 ndi 73 peresenti ya ma-antibody amene anali nao olimbana ndi matenda ena.

Kacirombo ka HIV kamasankha akapitao aja, maselo a CD4. Munthu wathanzi amakhala nao pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kamene amapima. Akatsika kupitirira 200, matenda amene thupi linali kuwagonjetsa mosavuta amapeza mpata. Ma-ARV, amene akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira m'caka ca 2005, sadyetsa asilikali monga ena amaganizira. Amaletsa kacirombo kuberekana, ndipo thupi limapanganso maselo a CD4 palokha. Palibe ufa, tiyi kapena madzi a m'botolo ogulitsidwa ndi dzina lakuti okweza citetezo amene angagwire nchito imeneyi.

PAMENE ASILIKALI AYENERA KUGONEKEDWA

Nthawi zina asilikali amalakwitsa. Amaukira thupi lao lomwe, monga m'nyamakazi yotupitsa mfundo za zala, m'matenda a lupus, ndi mu shuga amene amayamba paubwana. Nthawi zina amacita ukali woposa muyeso pa fumbi kapena utsi, monga m'mphumu. Ndipo munthu akapatsidwa impso ya mnzake, maselo a T amaiona ngati mdani. Opareshoni yoyamba yoika impso imene inayenda bwino, ku Boston m'dziko la America m'caka ca 1954, inatheka cifukwa wopereka ndi wolandira anali mapasa ofanana ndendende. Ena onse amamwa mankhwala monga ciclosporin kapena tacrolimus kwa moyo wao wonse kuti maselo a T asakane impsoyo.

Mankhwala ogoneka asilikali amene ali ofala kwambiri ndi ma-steroid, makamaka prednisolone ndi dexamethasone. Amatengera cortisol, madzi amene thupi limapanga lokha m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. M'caka ca 1948 Dr Philip Hench wa ku America anapereka cortisone kwa mai wina amene nyamakazi inamugoneka pabedi, ndipo m'masiku ocepa anadzuka n'kuyenda. Ma-steroid amalowa m'maselo ndi kutseka mauthenga amene asilikali amaitanirana, mwakuti kutupa, kuwawa ndi kutentha zimazilala msanga.

M'manja mwa dotolo mankhwalawa amapulumutsa miyoyo. M'caka ca 2020 kafukufuku wa ku Britain anaonetsa kuti dexamethasone anacepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala COVID-19 amene anali pa makina opumira. Koma kwa odwala amene sanali kufuna mpweya wa okosijeni sanathandize konse. Mankhwala ndi amodzimodzi, matenda ndi amodzimodzi, casiyana ndi nthawi yowaperekera.

Cimene cimanyenga anthu n'cakuti ma-steroid amagwira msanga ndipo ndi ochipa. Agogo amene maondo amawawa akamwa timapilisi tiwiri amadzuka opepuka, ndiye amatuma mdzukulu kukagula tina. Ena amamwa kuti anenepe, makamaka amene aonda ndipo akuopa zonena za aneba. Kunenepa kumeneko si thanzi. Nkhope imatupa kukhala yozungulira, mafuta amaunjikana pamimba ndi kuseri kwa khosi, pamene miyendo ndi mikono zimaonda. M'kupita kwa miyezi shuga amakwera, BP imakwera, mafupa amafewa ndipo zilonda zimacedwa kupola.

Coopsa koposa ndi cifuwa cacikulu. Akatswiri amayerekeza kuti munthu mmodzi mwa anai padziko lonse analowedwapo ndi tizirombo ta TB. Mwa ambiri tizirombo timeneti timakhala totsekeredwa m'mapapo, ndipo amene amagwira citseko ndi maselo a T. Ma-steroid akamwedwa kwa nthawi yaitali, citsekoco cimatseguka. Popeza mankhwalawa amabisanso kutentha kwa thupi, wodwala angafike kucipatala matenda atapita kale patali. Kwa munthu amene ali ndi HIV ndipo sadziwa, ngozi yake ndi yowirikiza.

Mafuta ambiri oyeretsa khungu alinso ndi ma-steroid amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone, nthawi zina osalembedwa n'komwe pa cubu. Khungu limapyapyala, limacita mizere ndi ziphuphu, ndipo zipere zimene zinali kadontho kamodzi zimafalikira thupi lonse cifukwa asilikali a pakhungu agona. Wodzola thupi lonse tsiku ndi tsiku, mankhwalawo amalowanso m'magazi. Bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority ndilo limalembetsa mankhwala ndi kupereka cilolezo kwa owagulitsa, ndipo pakantemba si malo ogulirapo mankhwala otere.

OSASIYA MWADZIDZIDZI

Amene wawerenga izi ali ndi prednisolone m'nyumba asathamangire kuwataya m'cimbudzi. Munthu akamwa ma-steroid kupitirira masabata atatu, tiziwalo ta pamwamba pa impso tija timaleka kupanga cortisol. Akasiya tsiku limodzi, thupi limatsala lopanda kanthu: amafooka, amasanza, amacita cizungulire, BP imagwa, ndipo angathe kufa. Coyenera n'kutenga paketi kapena botolo kupita nalo kukiliniki, kunena zoona za nthawi imene wakhala akumwa, kuti amucepetsere pang'onopang'ono. Anesi sangathandize bwino munthu amene wabisa.

Amene anapatsidwa mankhwalawa ndi dotolo apitirize monga anauzidwa, koma abwerere kucipatala msanga akayamba kutsokomola kosaleka, kutuluka thukuta usiku, kucita zoyera m'kamwa, kapena ngati m'nyumba mwalowa cikuku kapena katsabola. Mwana amene akumwa ma-steroid ambiri, makolo auze anesi a kusikelo asanamubaye katemera wa cikuku, popeza katemerayu ali ndi kacirombo kamoyo kofooketsedwa. Odwala nyamakazi amene amamwa methotrexate akumbukire kuti amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Ma-steroid opopera m'kamwa a odwala mphumu ndi ocepa mphamvu ndipo amapita m'mapapo mwacindunji, cotero palibe cifukwa cowaopera, malinga wodwala azicukuca m'kamwa ndi madzi akatha kupopera.