Duwa la Achilles ndi Chisanu cha ku Winnipeg

Mlimi wa kwathu kuno, Novembala akafika, amakweza maso kumwamba kudikira mvula yobzalira. Koma mnzake wa ku Winnipeg, mzinda wa m'chigawo cha Manitoba ku Canada, kumene nthaka imauma gwa ndi kuzizira kuyambira Novembala kufikira Malichi, mtima wake uli pa chisanu chotsiriza, chimene chimabwera usiku ngati mbala pamene anthu ayesa kuti nyengo yozizira yapita, nichipsereza mbande zonse m'munda.

Mwa zomera zimene anthu akumeneko amazikonda muli yarrow, duwa la masamba onga nthenga, limene Carl Linnaeus analitcha Achillea millefolium m'chaka cha 1753, pokumbukira nthano ya Agiriki yakuti ngwazi Achilles inkapoletsa nalo mabala a asilikali ake. Likakhazikika limapirira kuzizira kofika madigiri 40 pansi pa ziro, mizu yake ili m'tulo pansi pa chipale chofewa; ndipo kulimba kumeneku ndiko kumanyenga ambiri, pakuti amaiwala kuti mbande yoleredwa m'nyumba yofunda siinaonepo mphepo.

Wofuna kuyamba ndi njere awerenge chobwerera m'mbuyo, milungu 8 kapena 10 kuchokera kumapeto kwa Meyi, kumene chisanu chimalekezera kawirikawiri. Motero afese m'timiphika pawindo m'mwezi wa Malichi. Njerezo n'zazing'ono kuposa chitowe, ndipo sizikwiriridwa ayi: azimwaze pamwamba pa dothi lonyowa, azisindikize ndi chala, chifukwa zimamera ndi kuwala, patapita milungu iwiri kapena itatu. Amene anafesapo fodya pa nazale sadzadabwa nazo zimenezi, ngakhalenso mwambo wokhwimitsa mbande, wakuti kwa sabata yathunthu uzizitulutsa panja masana ndi kuzilowetsa madzulo.

Anthu a m'dzikomo ali ndi chizolowezi chowokera pa tchuthi cha Victoria Day, Lolemba lomaliza 25 Meyi asanakwane. Koma ine ndikuti tsiku la pa kalendala silinafunsepo nthaka. Dothi la m'chigwa cha Red River ndi makande olemera, amene amasunga madzi a chipale chosungunuka, ndipo yarrow, amene sadandaula ndi chilala kapena nthaka yoguga, amavunda mizu akakhala m'chinyontho chosatha. Tapani dothi lodzaza dzanja, mulifinye. Likakhala phee ngati mbamu ya nsima, bwezani khasu m'nyumba, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Likayoyoka, okani pamalo a dzuwa, motalikirana masentimita 30 kufikira 60, osathira manyowa ambiri, pakuti duwali likakhuta limatalika mopanda mphamvu n'kugwa ndi mphepo.

Ena amagawa mizu ya tsinde lakale kumayambiriro kwa Seputembala, nthaka isanaume, ndipo nthawi zambiri zimatheka. Komabe chilimwe cha kumeneko n'chachifupi, miyezi inayi yokha yopanda chisanu, ndipo chomera chowokedwa mochedwa chimatha kuzulidwa ndi nthaka pamene iuma ndi kusungunuka mosinthana.

Inu abale amene mwakhala kumpotoko, okani kumapeto kwa Meyi kapena sabata yoyamba ya Juni. Ndipo duwali mulisankhire malo amene simudzadandaula nawo, chifukwa mizu yake imayanga pansi ngati kapinga.