KODI DIMBA LA PAKHOMO NDI LOFUNA LAMULO?

Amayi anzanga, kodi munamvapo zoti mbusa anakana kudalitsa ukwati chifukwa chakuti mkwati sanabzale mitengo ya zipatso? Mwina muyesa nthano, komatu zinachitikadi. M'chaka cha 1686, Friedrich Wilhelm, wolamulira dera la Brandenburg m'dziko lomwe lero tikuti Germany, analamula kuti mnyamata asakwatitsidwe kufikira atamezanitsa mitengo 6 ya zipatso ndi kubzala mitengo ina 6 ya matabwa. Deralo linali litasakazidwa ndi nkhondo ya zaka 30 imene inatha mu 1648, ndipo mfumuyo inaona kuti banja latsopano liyenera kuyamba ndi chakudya chake pakhomo.

Lamulo lina lotere linakhazikitsidwa ku Virginia, ku America, m'chaka cha 1624. Mwamuna aliyense amene sanali pa ukapolo kapena pa ntchito ya mwini analamulidwa kumanga mpanda kuzinga malo okwana gawo limodzi mwa magawo 4 a ekala, ndi kubzalamo mphesa, ndiwo zamasamba ndi mbewu za mizu. Wonyozera ankalipa mapaundi 10 a fodya. Chinachititsa akuluakulu kutero nchiyani? Anthu anali atatengeka ndi ndalama za fodya nkuiwala za m'mimba, pamene njala inali itapha kale anzawo ambiri m'zaka za 1609 ndi 1610. Inu amene mumakhala m'madera olima fodya mukudziwa bwino za khomo limene ndalama imalowa kamodzi pa chaka, koma ndiwo zimasowa miyezi yonse.

Tsono kodi lamulo limabzala mbewu? Ku Virginia mphesa zochokera ku Ulaya zinafa ndi matenda ndiponso tizirombo, pakuti sizinayanjane ndi dzikolo, ndipo palibe chilango chimene chikanaziukitsa. Ngakhale kuno kwathu, agogo athu sanaiwale malamulo a malimidwe a m'nthawi ya atsamunda. Makamaka itapita njala ya 1949, anthu ankakakamizidwa kuunda mizere yopingasa ndi kumanga migula, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa kumene. Cholinga chinali kuteteza nthaka, koma poti malangizowo anabwera ndi unyolo, anthu anadana nawo pamodzi ndi alangizi omwe. Phunziro lake ndi lakuti munthu amasamala chinthu chimene waona yekha phindu lake.

Phindu la dimba silofuna wapolisi kuti alilongosole. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba tsiku lililonse. A zaumoyo kuno kwathu amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo awiri mwa magulu amenewa ndi masamba ndi zipatso. Masamba obiriwira kwambiri, mapapaya, mango ndi maungu zili ndi mavitamini othandiza maso a mwana ndi kulimbitsa thupi lake pa matenda. Tawerengani nokha ndalama zimene mumapereka kumsika pa mwezi kugula timipukutu ta mpiru ndi timilu ta tomato, makamaka pamene ndiwo zakwera mtengo. Paja akulu anati khasu liposa mako ndi tate.

Nanga tiyambire pati? Musadikire kukhala ndi malo aakulu. Kabedi kamodzi kuseri kwa khitchini nkokwanira kuyambirapo. Bzalani mbewu zozolowera nthaka yathu monga bonongwe, luni, chisoso, nkhwani, khwanya ndi kholowa, pakuti sizivuta ngati mbewu zachilendo. Inu a m'tauni amene mukukhala m'nyumba za lendi, thirani dothi losakaniza ndi manyowa m'matumba kapena m'zidebe zakutha, ndipo posamuka mudzanyamula dimba lanu. Madzi otsukira mpunga, masamba ndi mbatata musataye, thirirani mbewu m'mawa kapena madzulo, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu kuti chinyezi chisathawe. Papaya amabereka pakangotha chaka chimodzi, pamene mango omezanitsa amayamba kubereka pa zaka zitatu kapena zinayi. Masamba akachuluka m'dzinja, futsani ndi kusunga mfutso wanu m'chikwatu kuti mudzapeze podalira m'mwezi wa October.

Chinthu chimodzi chomwe akuluakulu a ku Virginia anachidziwa bwino ndi mpanda. Dimba lopanda mpanda ndi phwando la mbuzi ndi nkhuku, ndipo mayi amene mbewu zake zadyedwa kawiri sabzalanso kachitatu. Taonaninso kuti malamulo onse awiri aja, la ku Brandenburg ndi la ku Virginia, anagwera amuna. Kwathu kuno ntchito ya ndiwo timaisiyira mayi yekha, yemwe ali kale ndi mtsuko pamutu ndi mwana kumbuyo. Motero madzulo ano, ana akadya nkugona, kambiranani ndi abambo a kunyumba mwaulemu. Iwo adule mitengo ndi udzu wa mpanda ndi kukumba mayenje a zipatso mvula isanagwe, ana athandize kuthirira akaweruka kusukulu, inu mufese mbewu. Lamulo limene banja lapangana lokha ndilo limasungika.