Caminito del Rey: kanjira kokanirira pathanthwe ku Spain

Kanjiraka kali kuti?

Kummwera kwa Spain, m'chigawo cha Málaga, mtsinje wa Guadalhorce unang'amba phiri la miyala ya laimu n'kusiya chigwembe chotchedwa Desfiladero de los Gaitanes. Makoma ake amatalika mpaka mamita 300, ndipo malo ena amayandikana kwambiri moti pakati pamangotsala mamita 10. Pakhoma la chigwembechi m'pamene panakhomedwa Caminito del Rey, kanjira kotambalala mita imodzi yokha, kodutsa mamita pafupifupi 100 pamwamba pa madzi.

Anakamangiranji pamalo otere?

Chinabweretsa kanjiraka ndi magetsi. Mtsinjewu umatsika kwambiri podutsa m'chigwembe, ndipo kutsika kwa madzi ndi kumene kumazunguza makina opangira magetsi, monga zimachitikira ku Nkula pamtsinje wa Shire. Mainjiniya anapatutsa madzi kumtunda, n'kuwayendetsa m'ngalande yotsata khoma la phiri mosatsika kwenikweni, pamene mtsinje weniweni ukunka nuzama pansi. Pofika kumapeto kwa chigwembe, ngalandeyo inkawoloka phompho pamlatho wakewake, kenako madzi n'kugwera pamakina ndi mphamvu. Ngalande yotere imafuna anthu oiyendera, kuchotsa zinyalala ndi kumata potayikira madzi. Choncho pakati pa 1901 ndi 1905 anamanga kanjira ka antchito: zitsulo zokhomedwa m'thanthwe, pamwamba pake simenti. Mabanja okhala m'derali nawonso ankadutsa pomwepo pa maulendo awo a tsiku ndi tsiku. Dzina lakuti Caminito del Rey, kutanthauza kanjira ka mfumu, linabwera pambuyo, Mfumu Alfonso XIII itayendapo mu 1921 podzatsegulira damu lomwe lero limatchedwa Conde de Guadalhorce.

Kanafika bwanji pokhala koopsa?

Kanjiraka kataleka kusamalidwa, mvula ndi dzuwa zinayamba kukadya. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kusweka simenti yochikuta, madzi n'kupeza polowera, dzimbiri n'kuwonjezeka. Pofika zaka za m'ma 1990, malo ambiri simenti inali itagwera m'phompho, kutsala zitsulo zokhazokha, ndipo zogwirira za m'mbali zinali zitathothoka. Kuopsa komweko n'kumene kunakopa okonda kukwera matanthwe, omwe ankadutsa popondera pachitsulo chimodzi atadzimangirira kuchingwe. Mu 1999 ndi 2000 anthu angapo anafera m'chigwembemo. Akuluakulu a boma anatseka njirayi, anagumula polowera pake n'kuika chindapusa, komabe ena ankazemba n'kulowa.

Kukonzanso kwake

Ntchito inayamba mu 2014 motsogozedwa ndi boma la chigawo cha Málaga, ndipo njira inatsegulidwanso mu Malichi 2015. Amisiri ankagwira ntchito ali lende pazingwe, katundu wina akubwera pa helikoputala. Anaboola thanthwe, kukhomamo zitsulo zatsopano, kuyala matabwa ndi kutchinga m'mbali ndi waya. Chimene anachita mwanzeru n'chakuti kanjira kakale sanakagwetse: katsopano kanayikidwa pamwamba pake pang'ono. Woyenda lero akasuzumira pansi amaona simenti yobowoka ija, n'kumvetsa pomwe antchito akale ankaponda atasenza zipangizo.

Ulendo wake umayenda motani?

Njira yonse ndi makilomita 7.7, koma a pamatabwa olendewera ndi pafupifupi atatu. Kotsalako n'kwa pansi, m'nkhalango ya paini ndi m'chigwa chomwe chili pakati pa zigwembe. Onse amalowera kumpoto, cha ku Ardales, n'kutulukira kummwera ku El Chorro, kuti pasakhale kupatukirana pamalo opapatiza. Matikiti a tsiku lililonse ndi owerengeka, ndipo anthu amalowa m'magulu motalikirana nthawi. Ambiri amatha maola atatu kapena anayi, kenako basi imawabwezera komwe anayambira. M'njiramo mudzaona miimba ikuzungulira m'mwamba, ndi njanji ya pakati pa Córdoba ndi Málaga ikulowa ndi kutuluka m'mapanga kukhoma la tsidya. Pali kakhonde kena koyalidwa galasi pansi, ndipo chakumapeto kuli mlatho wolendewera, mamita oposa 100 pamwamba pa mtsinje, womwe umagwedera mphepo ikamawomba.

Choopsa chatsala n'chiyani?

Kugwa si nkhawa yaikulu tsopano. Nkhawa ili pa zochokera kumwamba: kamwala kakang'ono kakathothoka pakhoma lalitali chotere kamafika ndi liwiro lotha kuvulaza mutu, n'chifukwa chake aliyense amapatsidwa chisoti polowa ndipo sayenera kuchivula. Mphepo nayo imakula mphamvu ikapanikizika pakati pa makoma awiri. Ikanyanya, kapena kukagwa mvula yambiri yomwe imamasula miyala, njira imatsekedwa ngakhale mutagula kale tikiti. Maambulera saloledwa chifukwa cha mphepoyo, ndipo ana osakwana zaka 8 salowa. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti kumatentha zedi, choncho madzi akumwa ndi nsapato zogwira bwino pansi n'zofunika. Amene amachita chizungulire akakhala pamwamba aganize bwino asanalowe, chifukwa mukangofika pamatabwa mulibe njira yachidule yotulukira.