Kodi mumadziwa? Green wa pa Namitete ali ndi mizu ku Germany

Mukaitanitsa Green wozizira pa bala ya pa Namitete kapena pa Nsaru, mukumwa lager, mowa womwe kafulidwe kake kanakhwimira ku Bavaria, m'dziko la Germany. Dzina loti lager limachokera ku liwu la Chijeremani lotanthauza kusunga, poti ankausunga m'mapanga ozizira kuti upse pang'onopang'ono. Mu 1516 Bavaria inalamula kuti mowa uzifulidwa ndi madzi, balere ndi hops basi.

Green wathuyu amafulidwa ku Blantyre, komwe Carlsberg inatsegula fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark mu 1968. Kampani ya Castel inaigula mu 2016. Mowa wakunja umadula chifukwa cha msonkho ndi mayendedwe, pomwe wa kuno umapatsa Amalawi anzathu ntchito. Posankha, kumbukirani zimenezo.