Mnzathu akafunsa kuti, "Mulungu wanuyo anali kuti?"

Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, awiri okha ndi amene ananena kuti alibe chipembedzo. Poona chiwerengero chimenechi, munthu angaganize kuti nkhani yokayika za Mulungu ndi ya ku Ulaya, ife kuno siyikutikhudza. Komatu kalembera amangofunsa dzina la mpingo, za mumtima safunsa. Aliyense amene anakhalako pa tebulo loyezera BP kumsika wa Ndirande, kapena kukwera minibasi limodzi ndi anthu oweruka m'mafakitale a ku Makata madzulo, akudziwa kuti okayika alipo ndithu. Ambiri ali ndi dzina la ubatizo. Ena yunifolomu ya kwaya ikadali m'sutikesi. Koma anasiya kalekale kukhulupirira kuti kumwamba kuli wina amene amamva.

Amene amamveka kwambiri ndi anyamata a foni m'manja, oonera mikangano ya pa YouTube ndi TikTok, amene amakupanikiza ndi funso lakuti mkazi wa Kaini anachokera kuti. Amenewo savuta kwenikweni, chifukwa munthu wokonda kutsutsa amakhala akadali ndi chidwi. Ovuta ndi aja osalankhula, amene chikhulupiriro chawo chinathera kumanda kapena m'manja mwa mneneri wina wake.

Matope a mu March 2023

Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa Chilobwe, ndi kugumula nyumba m'madera ena a Blantyre kuphatikizapo kuno ku Ndirande, anthu oposa 1,000 m'dziko muno anamwalira kapena kusowa. Izi zinachitika tili kale pa maliro a kolera, imene kuyambira mu 2022 inatenga miyoyo yoposa 1,700. M'masiku amenewo ndinamva Akhristu ena, ngakhale a Sabata anzathu, akunena poyera kuti chimenechi ndi chilango, Blantyre wachuluka machimo. Mawu amenewa anathamangitsa anthu ambiri kuposa vidiyo iliyonse ya anthu osapembedza. Tangoganizani mayi amene wafukula mwana wake m'matope, ndiye wina amuuze kuti Mulungu ndiye wachita zimenezi pofuna kulanga mabala a m'tauni. Mulungu wotereyo angamukonde ndani?

Yankho limenelo silichokera m'Baibulo n'komwe. Pa Luka 13 Yesu anakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti iwowo anali ochimwa kuposa anthu ena a mu Yerusalemu. Pa Yohane 9 anakananso kuti munthu wobadwa wosaona uja anali kulipira tchimo lake kapena la makolo ake. Ndiye ife ndife yani kuti tiwerenge machimo a anthu a ku Chilobwe? Mbali ina ya yankho ili poyera, aliyense akuiona: phiri la Ndirande limene akuluakulu amati linali nkhalango lero ndi lambee, mitengo inathera m'makala ndi nkhuni, ndipo umphawi unakankhira anthu kukamanga m'malo otsetsereka ndi m'mbali mwa mitsinje ngati Nasolo. Munthu wokayika akamva Mkhristu akuvomereza zimenezi, m'malo mongoponyera zonse kumwamba, amayamba kutchera khutu.

Tili nacho chiphunzitso cha mkangano waukulu pakati pa Khristu ndi Satana, chimene chimafotokoza kuti dziko lino si mmene Mulungu analifunira. Tilinso ndi chiphunzitso chakuti akufa ali m'tulo kudikira kuuka, sakupsa kumoto kwinakwake. Ziphunzitso ziwirizi zachotsa chopunthwitsa pamaso pa anthu ambiri oganiza. Koma zili ndi nthawi yake. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyambirira aja, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Zinthu zinaipa atatsegula pakamwa.

Bambo wina wogwira shifiti ya usiku pa fakitale ina kuno ku Makata anabwera pa tebulo lathu Lamulungu lina. Asanakhale n'komwe pa benchi anati, "Mayi, mundiyeze BP yokhayo, za Yesu musandiyambe." Ndinawayeza. Inali 170 pa 100, pamene malire ndi 140 pa 90. Ndinawauza kuti apite kuchipatala sabata yomweyo, achepetse mchere kuti usapitirire supuni imodzi ya tiyi pa tsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe, ndipo akapatsidwa mankhwala asamadumphitse. Za Yesu sindinawayambe. Anabweranso kachiwiri, kachitatu, atanyamula buku lawo la kuchipatala. Ulendo wachinayi, BP itatsika, anakhalitsa pa benchi paja mpaka anthu anatha, kenako anati, "Kodi inu a Sabata mumati munthu akafa amapita kuti?" Mwana wawo wamkazi anamwalira ndi kolera, ndipo pa maliro mlaliki ananena mawu osonyeza ngati mwanayo ali pa mavuto chifukwa sanali wobatizidwa. Chaka chonse bambowo ankagona ndi mawu amenewo. Tinawerenga limodzi Yohane 11 ndi 1 Atesalonika 4. Mpaka lero sanabatizidwe, ndipo kutchalitchi anafikako kamodzi kokha. BP amayezetsabe, mafunso amafunsabe.

Pamene okayikawo akunena zoona

Pali zinthu zina zimene anthu okayika amanena zoona, ndipo kuzikana n'kudzichotsera ulemu tokha. Akamati mipingo ina yasanduka bizinesi, akunama kodi? Tonse tikudziwa banja limene linagulitsa mbaula, wailesi, mwinanso ndalama ya lendi, pogula madzi kapena mafuta odzozedwa. Tonse tinamvapo za munthu amene anataya ma ARV chifukwa anauzidwa kuti wachira, n'kumwalira patangopita miyezi. Mchimwene wa munthu ameneyo akadzati sakufunanso kumva dzina la Mulungu, si kuti waumitsa mtima. Wapwetekedwa.

Bambo George Thindwa ndi bungwe lawo la Association for Secular Humanism sakhulupirira Mulungu, ndipo sabisa. Pa nkhani imeneyo sitigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Koma kwa zaka zambiri akhala akumenyera nkhondo agogo amene amanamiziridwa ufiti, kumenyedwa, kuotcheredwa nyumba, ena kutsekeredwa m'ndende, pamene lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Funso lowawa ndi lakuti: pamene gogo wina ankaponyedwa miyala, ndi angati mwa oponyawo anali atachokera kutchalitchi sabata yomweyo? Ine ndimaona kuti Mkhristu wa Sabata akamva wokayika akudzudzula nkhanza zotere, ayambe wanena kuti, "Apo mukunena zoona, achimwene." Mawu amenewo amatsegula chitseko chimene mavesi khumi sangatsegule.

Apa mpingo wathu uli ndi chonena chooneka ndi maso. Sitiphunzitsa kuti pemphero ndi mdani wa mankhwala. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa, m'boma la Thyolo, inayamba mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 kumeneko kunali kale ntchito yothandiza odwala khate, anthu amene abale awo enieni ankawathawa. Lero chipatala cha Malamulo chikugwirabe ntchito ndi kuphunzitsa anamwino ndi madokotala othandizira, ndipo mumzinda muno muli Blantyre Adventist Hospital. Tikamapempherera wodwala timamufunsanso ngati wamwa mapiritsi ake. Wokayika amene anaferedwa chifukwa cha "machiritso" amafunika kumva zimenezi asanamve china chilichonse.

Ziwerengero za ku Loma Linda tisazikokomeze

Pa misonkhano ya zaumoyo timakonda kutchula kafukufuku wa ku Loma Linda University, ndipo ndi woona. Ofufuza anatsatira Achiadventi pafupifupi 34,000 a ku California, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2001 zinasonyeza kuti amuna amakhala zaka pafupifupi 7 kuposa amuna anzawo a m'deralo, akazi zaka zoposa 4. Mayi Ellen White analemba zochenjeza za fodya mu 1864, pamene lipoti lotchuka la mkulu wa zaumoyo wa boma la America lotsimikiza kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo linatuluka mu 1964.

Koma tisamale pogwiritsa ntchito mfundozi. Wokayika wophunzira adzayankha kuti munthu wosapemphera akasiya fodya ndi mowa, n'kumadya nyemba, masamba ndi mtedza, nayenso adzakhala nthawi yaitali. Adzakhala akunena zoona. Adzanenanso kuti m'nthawi ya Mayi White kunali anthu ena amene ankadzudzula fodya. Apanso sakunama. Kafukufukuyu sakutsimikiza kuti Mulungu aliko. Chimene akusonyeza n'chakuti anthu amene anamvera uphungu umenewu chifukwa cha chikhulupiriro chawo sanapusitsidwe, matupi awo anapindula. N'zokwanira kuyambira pamenepo. Tikawonjezera zathu kuti nkhani ikome, monga kunena kuti wa Sabata sadwala shuga kapena kuti madzi a mandimu amachiza khansa, tsiku limene adzatigwire bodza limodzi adzataya ndi zoona zomwe.

Mpingo umene unayambira kwa munthu wokayika

Ambiri timaiwala kuti William Miller, amene ulaliki wake unabala gulu limene mpingo wathu unachokeramo, anakhala zaka zambiri akuseka Baibulo. Ankakhulupirira kuti kuli Mlengi amene analenga dziko n'kulisiya, ndipo ankasangalatsa anzake potsanzira agogo ake amene anali mlaliki. Anayamba kugwedezeka atapulumuka pa nkhondo ya ku Plattsburgh mu 1814. Atatembenuka mu 1816, anzake aja anamubwezera mafunso ake omwe: ukudziwa bwanji kuti bukuli ndi loona, pamene limadzitsutsa lokha? Miller sanawakalipire. Anatenga Baibulo ndi buku lolozera mawu la Cruden, n'kuyamba pa Genesis 1, vesi ndi vesi, osapitirira mpaka atamvetsa, kwa zaka ziwiri.

Wokayika amene anawerengako mbiri adzatikumbutsa za 22 October 1844, tsiku limene otsatira a Miller anadikira Yesu koma sanabwere. Palibe chifukwa chochitira manyazi kapena kusintha nkhani. Zinachitikadi, anthu analira mpaka mbandakucha, ambiri anabwerera m'mbuyo. Kagulu kamene kanatsala kanabwerera ku Baibulo kukafufuza pamene panasokonekera, ndipo mpingo umene unakhazikitsidwa mu 1863 suikanso tsiku la kubwera kwa Yesu. Munthu amakukhulupirira msanga ukamafotokoza wekha malo ovuta a mbiri ya kwanu, iye asanawatulukire pa intaneti.

Nanga zakuti Chikhristu ndi chipembedzo cha azungu? Achinyamata ambiri a ku Ndirande amanena zimenezi masiku ano, ndipo mkwiyo wawo pa utsamunda ndi womveka. Koma mfumu Ezana ya ku Aksum, ku Ethiopia, inalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, pafupifupi zaka 1,500 David Livingstone asanaone Nyanja ya Malawi mu 1859, ndipo Akhristu a kumeneko analemekeza Sabata la tsiku lachisanu ndi chiwiri kwa zaka mazanamazana. Komanso mtsogoleri woyamba wa mishoni ija ya ku Thyolo mu 1902, Thomas Branch, anali munthu wakuda wa ku America, amene anafika kuno ndi banja lake.

Akakhala mwana wa m'nyumba mwathu

Zonsezi zimapepuka wokayikayo akakhala mlendo wa pamsika. Zimalemera akakhala mwana wathu amene wabwera ku holide kuchokera ku MUBAS kapena ku Chanco, ndipo Lachisanu dzuwa likulowa, potsegula Sabata, wangokhala phee osaimba. Makolo ambiri apa timathamangira zinthu ziwiri: kukalipa, kapena kuitana akulu ampingo kuti adzamuzinge pabalaza ngati mlandu. Ena amafika pomuopseza kuti fizi yatha. Mwana wotero amaphunzira chinthu chimodzi chokha, kubisa. Adzavala suti Loweruka lililonse mpaka tsiku limene adzayambe kulandira malipiro ake, kenako simudzamuonanso.

Lemba la 1 Petro 3:15 limatiuza kukhala okonzeka kuyankha wotifunsa za chiyembekezo chathu, koma limaikapo kuti tiyankhe mofatsa ndi mwaulemu, ndipo woyamba kulankhula pamenepo ndi wofunsayo. Tomasi atakana kukhulupirira, anakhalabe pakati pa ophunzira anzake sabata yathunthu, palibe anamuthamangitsa, ndipo Yesu atabwera anamuonetsa zipsera zomwe ankafunazo. Choncho mufunseni mwanayo kuti chinayambitsa n'chiyani. Nthawi zina ndi phunziro la sayansi. Nthawi zambiri ndi zimene anaona: mkulu wampingo amene amamenya mkazi wake, ndalama za zomangamanga zimene sizinaoneke mutu wake, kapena pemphero la mayeso limene akuona kuti silinayankhidwe. Funso likakukulirani, nenani kuti, "Limeneli sindikulidziwa, mwanawe, tiye tikafufuze limodzi," ndipo mukafufuzedi, kaya kwa abusa, kaya kwa mphunzitsi wa sayansi wa mumpingo mwathu momwemo. Asakakamizidwe kutsogolera pemphero kapena kudya Mgonero pamene mtima wake suli pomwepo. Koma mbale yake ya nsima ya Sabata masana ikhalepo pa tebulo monga kale, ndipo Lamulungu tikamanyamula sikelo ndi makina a BP kupita kumsika, mupempheni atithandize kulemba mayina a anthu m'kaundula.