Chifukwa Chake Madokotala Amayeza Madzi a Kumsana

Pali matenda ena ofanana zizindikiro kotero kuti ngakhale dokotala wodziwa bwino ntchito yake sangathe kuwasiyanitsa pongoyang'ana wodwala. Kupweteka mutu masiku ambiri, kutentha thupi, kuuma khosi ndi kusokonezeka maganizo zingayambe chifukwa cha malungo, chifuwa chachikulu chofika ku ubongo, kapena tizilombo ta mtundu wa bowa. Mankhwala a matenda atatuwa ndi osiyana, ndipo kupereka olakwika ndi kutaya masiku amene wodwala alibe.

Kachilombo ka mtundu wa bowa kamene kamavuta kwambiri kuno ku Africa kamatchedwa Cryptococcus. Kamapezeka m'dothi, m'zitosi za nkhunda ndi m'mitengo yowola, ndipo kamalowa m'thupi ndi mpweya. Munthu wa thanzi kawirikawiri sadwala nako. Koma chitetezo cha m'thupi chikafooka, makamaka chifukwa cha HIV, kamachoka m'mapapo nkukakhazikika m'madzi amene amazungulira ubongo ndi kutsikira kumsana.

Tsono kuti matendawa adziwike, madziwo ayenera kuyezedwa. Njira yowatengera inayambitsidwa ndi dokotala wa ku Germany, Heinrich Quincke, m'chaka cha 1891. Wodwala amagona cham'mbali atapinda mawondo, ndipo singano yopyapyala imalowa m'munsi mwa msana, kupitirira pamene mtsempha waukulu wa mumsana umathera. Madzi otengedwawo ndi ochepa, pakuti thupi limapanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse.

Ku labotale madziwo amayezedwa m'njira zitatu. Yoyamba ndi kusakaniza dontho lake ndi inki yakuda. Pa makina okuza tinthu ting'onoting'ono kachilomboko kamaoneka ngati mwezi wokhala ndi bwalo, chifukwa chikuto chake sichilowa inki. Yachiwiri ndi kufesa madziwo m'kambale kokhala ndi chakudya cha tizilombo, nkudikira masiku angapo kuti timere. Yachitatu, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 2011, ndi kapepala kotchedwa CrAg, kamene kamapereka yankho m'mphindi 10 zokha. Kapepalaka kamayezanso magazi, ndipo kangathe kupeza kachilomboko milungu ingapo mutu usanayambe kupweteka. Nchifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri aziyezedwa magazi ngakhale asanamve kudwala.

Komabe m'maboma ambiri muli mantha akuti kuchotsa madzi a kumsana kumapha. Manthawa amabwera chifukwa odwala ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, ndipo akamwalira achibale amaloza singano. Zoona zake nzakuti matendawa amachulukitsa madzi m'mutu, ndipo kuwachotsako kumachepetsa ululu ndi kupulumutsa moyo.

Mankhwala alipo. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO linavomereza njira yatsopano yochizira matendawa, potsatira kafukufuku amene anachitika m'maiko asanu, ndipo Malawi anali limodzi mwa maikowo. Koma mankhwalawo amathandiza matenda akadziwika msanga. Choncho woyang'anira wodwala akapemphedwa chilolezo chakuti madzi a kumsana ayezedwe, ayenera kufunsa zonse zimene sakuzimvetsa, kenaka avomere tsiku lomwelo.